Kamera ikamazima m'malo moyang'ana kugeti

Wina wandilembera imelo kuti anakonza batani lachidule mu pulogalamu ya makamera ake kuti kamera ya PTZ (yotha kuzungulira, kuyang'ana m'mwamba ndi pansi, ndi kukoka chithunzi pafupi) izitembenukira kugeti, koma akalidina, kamerayo imazima n'kuyakanso yokha. Akuti preset yake, kutanthauza malo oyang'ana amene kamera imasunga pa nambala, anaipatsa nambala 94.

Achimwene, vuto lili pa nambalayo. Pa makamera ambiri ozungulira a Hikvision, manambala ena a preset si osungirapo malo. Ndi malamulo amene anaikidwiratu kufakitale. Nambala 94 imauza kamera kuti iyambirenso, 95 imatsegula menyu ya m'kati, 34 imaibwezera pomwe inayambira, 39 ndi ya masana pamene 40 ndi ya usiku. Pulogalamu yanu sinalakwe ayi. Batani ndi mthenga chabe, limangopereka zimene lauzidwa.

Funso lanuli landikhudza chifukwa anthu ambiri amathamangira kukonza mabatani asanaonetsetse kuti lamulo lenilenilo likugwira. Yambani ndi kamera. Lembani IP yake (adiresi yake ya pa netiweki) mu browser, lowani, iyendetseni mpaka geti lioneke bwino, ikani zoom, kenako sungani malowo pa nambala yapakati pa 1 ndi 32. Ichotseni pamalopo, muiitane ndi nambalayo. Ikabwerera ndendende, m'pamene mungapite ku pulogalamu n'kumangirira batani.

Ndipo ndinene mosabisa: lamulo loyambitsanso kamera, loletsa kujambula kapena lofufuta lisamakhale pa batani limodzi. Mlonda wa usiku, tulo tili m'maso, akhoza kuligunda ndi chigongono, kamera n'kukhala yakhungu nthawi yomwe munthu akulumpha mpanda. Malamulo otere azifuna mabatani atatu pamodzi, monga Ctrl, Shift ndi chilembo, kapena asakhalepo n'komwe. Chinanso chimene chimandiwawa ndi password ya admin yolembedwa poyera m'kati mwa lamulo. Tsegulani akaunti ina yongololedwa kuona ndi kuyendetsa PTZ basi. Port 80 ya kamera, khomo lomwe browser imalowera, musaitsegulire intaneti yonse chifukwa chongofuna kudina batani muli kutali. Gwiritsani ntchito VPN, njira yotetezedwa yolowera pa netiweki yanu muli kutali.

Likapanda kuchita kanthu

Ngati batani limatumiza lamulo la HTTP, la Hikvision ndi /ISAPI/PTZCtrl/channels/1/presets/3/goto ndipo limafuna kutumizidwa mwa njira yotchedwa PUT. Mukangolilemba mu browser limapita ngati GET, njira yongopempha zinthu, ndiye kamera siisuntha, inu n'kumaganiza kuti mwalakwitsa kalembedwe. Yankho likakhala 401, dzina kapena password yakanidwa, kapena pulogalamu ikutumiza password mwa njira ya Basic pamene kamera ikufuna njira ya Digest. Makampani ena a makamera, Dahua ndi Axis, ali ndi kalembedwe kawokawo, choncho lamulo la kampani ina silingagwire pa ina. Makamera akakhala osakanikirana, ONVIF, chilankhulo chimodzi chimene makamera a makampani ambiri amamva, ndiyo imachepetsa mutu.

Pa makamera akale olamulidwa kudzera pa mawaya a RS-485, adiresi, protocol (chilankhulo cha malamulo) monga Pelco-D, ndi baud rate (liwiro la uthenga) monga 2400 kapena 9600 zifanane pa kamera ndi pa DVR, makina osunga zojambulidwa. Mawaya a A ndi B akasinthana, chithunzi chimaoneka bwinobwino koma kamera siimva chilichonse.

Kamera ikamafika kugeti kenako n'kuchokapo yokha patapita masekondi angapo, ndi Park Action imeneyo, yomwe imaisuntha kamera ikakhala osalamulidwa kwa kanthawi: izimitseni kapena onjezerani nthawi yake. Inuyo sungani geti pa nambala 3, sinthani 94 ya mu batani ikhale 3, muyesenso.