Mapu a dziko la masewero ayambire pa madzi ndi ulendo wa tsiku limodzi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi mwa awerengi, amene amatsogolera anzake anayi pa masewero a Dungeons & Dragons (masewero a patebulo amene osewera amakhala ngati anthu a m'nthano yofotokozedwa ndi mtsogoleri) Loweruka lililonse. Akuti anatha mwezi wathunthu akujambula mapu a dziko lopeka la maufumu 9, koma atawayala patebulo anzakewo anangowaponya diso kamodzi n'kufunsa kuti, "Nanga ife tili pati?" Iye akufunsa ngati cholakwika ndi kajambulidwe, komanso ngati ndi bwino kugula pulogalamu ya pakompyuta.

M'bale wanga, ndalamazo zisungeni kaye, chifukwa dzanja lanu lilibe mlandu. Munajambula malo amene osewera sadzapondako ngakhale mutasewera chaka chonse, pomwe iwo akufuna kudziwa chimene chili kuseri kwa phiri limene akuliona, ndiponso ngati akafikeko kusanade. Muyezo wa mapu anu ukhale miyendo ya munthu. Malamulo a masewerowa a mu 2014 amati gulu loyenda mosathamanga kwa maola 8 limatha mamailosi 24, omwe ndi makilomita pafupifupi 39. N'chifukwa chake otsogolera ambiri amagawa pepala m'timagawo ta mbali 6 totchedwa hex, kalikonse koimira mamailosi 6, kuti timagawo tinayi tikhale tsiku limodzi. Amene anayambitsa masewerowa, Gary Gygax ndi Dave Arneson, nawonso anayamba pang'ono: mu 1974 analangiza osewera kubwereka bolodi la masewero ena, Outdoor Survival, poyenda m'thengo, ndipo Greyhawk, dziko lopeka la Gygax, inayamba ngati linga, ngalande za pansi pake ndi mzinda umodzi, mapu a dziko lonse n'kudzasindikizidwa mu 1980.

Chithunzi chimene munatumiza ndachiyang'anitsitsa, ndipo chandidodometsa ndi mitsinje. Wina ukuchokera kunyanja yamchere ya kum'mawa n'kukathira ku ina ya kumadzulo, wina ukugawikana patatu pakati pa chigwa. Madzi satero. Amatsika kuchokera kumtunda, timitsinje timakumana n'kukula, ndipo mtsinje umagawikana makamaka ukayandikira kumene ukukathira. Chitsanzo tili nacho pakhomo: m'nyanja ya Malawi mumathira Songwe, Bua, Linthipe ndi ina yambiri, koma wotuluka ndi Shire yekha, amene amakakumana ndi Zambezi ku Mozambique. Chilwa ilibe ndi komwe mtsinje wotuluka, ndipo madzi ake ndi amcherechere. Choncho jambulani mapiri poyamba ndi pensulo, kenaka mulole madzi atsetsereke.

Mapiri omwewo akuuzani kokhala nkhalango ndi kouma. Mphepo yachinyezi yochokera kum'mwera chakum'mawa ikawomba phiri la Mulanje imasiya mvula mbali imene kuli minda ya tiyi, pomwe chigwa cha Phalombe kuseri kwake chimalandira yochepa. Mukasankha kochokera mphepo m'dziko lanu, chipululu chidziwa chokha malo ake.

Midzi ndi misika iikeni pamene munthu wapaulendo amakakamizika kuima: pa doko lowolokera, pamphambano, pampata wa mapiri, kapena pamathithi. Mabwato okwera Shire amalephera kupitirira pa Kapichira, ndipo m'masewero malo otere amatanthauza katundu wotsitsidwa, amtengatenga, mfumu yofuna msonkho ndi achifwamba obisala m'njira. Nkhani ya Loweruka ziwiri yapezeka pa kadontho kamodzi.

Ine ndimasunga mapu awiri. Anga ali ndi zonse, koma opatsa osewera ndimawajambula ngati ochokera kwa wamalonda wa m'dzikomo, okhala ndi mipata yoyera ndi mlatho umodzi umene unakokoloka kalekale.

Za mapulogalamu, Azgaar's Fantasy Map Generator ndi yaulere pa intaneti, Wonderdraft ndi yogula kamodzi, ndipo Inkarnate ili ndi mbali yaulere ndi yolipira. Yoyambayo imatulutsa dziko lathunthu m'kamphindi, lomwe ndi vuto lomwe lija mwandilembera. Mapu anu a maufumu 9 musawataye. Akhomeni pakhoma, musankhepo chigwa chimodzi, ndipo Loweruka likudzali mupite ndi pepala la m'kope la masamu lokhala ndi mudzi umodzi, mtsinje umodzi ndi malo atatu ofikika pa masiku awiri.