Moyo wa wophunzira ku London: mayendedwe, ufa wa nsima ndi nyumba zoonetsera zojambula

Talandira kalata kuchokera kwa mtsikana wina amene akunyamuka mu Seputembala kukachita digiri yachiwiri ku London. Akufunsa kuti tsiku la wophunzira kumeneko limayenda bwanji. Akutinso aphunzitsi ake amuuza kuti azikayendera nyumba zoonetsera zojambula, ndiye akuda nkhawa kuti mwina zimenezi ndi za anthu a ndalama.

Achemwali, tiyambe ndi mayendedwe, chifukwa n'kumene ndalama zimathera osadziwa. Mabasi a ku London salandira ndalama zapamanja. Mumagunditsa khadi la ku banki kapena la Oyster (khadi lolipirira maulendo mu London) pakhomo, ndipo mukasintha basi ola lisanathe simulipiranso. Sitima zapansi n'zodula kwambiri m'mawa ndi madzulo pamene anthu akupita ndi kuweruka kuntchito. Mukangolembetsa kuyunivesite, funsirani 18+ Student Oyster, imene imachotsa 30 peresenti pa matikiti a sabata ndi a mwezi. Gulaninso 16-25 Railcard, khadi lotsitsira mtengo wa sitima, mupemphe wogwira ntchito pa siteshoni kuti ayilumikize ku Oyster yanu. Ambiri amagula khadi limeneli koma osalilumikiza, n'kumalipirabe mtengo wonse chaka chathunthu.

Pa ganyu samalani. Viza ya wophunzira digiri imalola maola 20 pa sabata nthawi ya maphunziro, kuwerenga kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu. Simungagwire maola 30 sabata ino ndi 10 sabata yamawa n'kumati zafanana, ayi. Kuchita bizinesi yanuyanu nakonso n'koletsedwa, ngakhale kuluka anthu tsitsi molipiritsa.

Za kukhitchini: paketi yolembedwa kuti cornflour m'masitolo akuluakulu si ufa wa nsima. Ndi sitachi wolimbitsira msuzi, mukauthira m'madzi otentha umangosanduka phala lonanda. Ufa woyera weniweni, monga wa Iwisa, umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa ku Peckham, Brixton ndi Woolwich. Mthiko nyamulani kumudzi.

Chimene ambiri sachikonzekera ndi mdima. M'mwezi wa Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Maphunziro a digiri yachiwiri amakhala ndi maola ochepa a m'kalasi, nthawi yotsalayo mumawerenga nokha, ndiye n'kosavuta kudzitsekera m'kachipinda masiku atatu osalankhula ndi munthu. Apa m'pamene nyumba za zojambulazo zimathandiza: ndi zofunda, zowala, muli mipando, ndipo zikuluzikulu zija kulowa n'kwaulere.

National Gallery ili pa Trafalgar Square, inayamba mu 1824, ndipo imatsegula tsiku lililonse kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, Lachisanu mpaka 9 koloko usiku. Tate Modern ili m'mbali mwa mtsinje wa Thames, m'chinyumba chimene kale chinali chopangira magetsi, ndipo inatsegulidwa mu 2000. Ku British Museum, zinthu za ku Africa zili m'chipinda nambala 25, kunsi. Chimene amalipiritsa ndi zionetsero zapadera za miyezi yochepa. Ngati muli ndi zaka 16 mpaka 25, lembetsani Tate Collective mwaulere, matikiti otere a ku Tate muzigula pa mapaundi 5. Palinso Student Art Pass ya bungwe la Art Fund imene imadula mtengo pakati m'malo ambiri.

Kulakwitsa kwakukulu n'kufuna kuona zonse tsiku limodzi. Pakatha maola awiri miyendo imawawa, maso amachita chidima, zithunzi zonse zimaoneka zofanana, munthu n'kutuluka atanyansidwa. Poti simulipira, pitani kawirikawiri koma kwa ola limodzi. Sankhani zipinda ziwiri. Muimirire pa chithunzi chimodzi mphindi zisanu musanawerenge kachikwangwani ka pambali. Yesani ndi chithunzi cha mpendadzuwa cha mu National Gallery chimene Vincent van Gogh anajambula mu 1888: mukaima patali mumangoona maluwa achikasu mu mtsuko, mukayandikira mumaona utoto wokhuthala wotumphuka ngati matope omata khoma, ndi maluwa ena ofota amene ayamba kuyoyoka. Pa foni zimenezi sizioneka.

Pitani pakati pa sabata, potsegula penipeni kapena Lachisanu usiku. Loweruka masana ndi chipwirikiti. Chikwama chikhale chaching'ono chifukwa amachisecha pakhomo, ndipo masutikesi salowa. Polemba kapena kujambula nyamulani pensulo. Idyani musananyamuke, chakudya cha m'malo amenewa n'chodula.

Mukamatuluka mu National Gallery, yang'anani kudzanja lamanja. Pali chipilala chimene amachitcha Fourth Plinth, pamene amasinthasintha ziboliboli. Kuyambira 2022 mpaka 2024 panaima chosema cha Samson Kambalu, Mmalawi, chotchedwa Antelope. Chinkaonetsa John Chilembwe atavala chipewa pambali pa mmishonale John Chorley, potsatira chithunzi cha mu 1914, nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anamusema Chilembwe wamkulu kuposa Chorley. Chosemacho anachichotsa, koma aphunzitsi akadzakufunsani za zaluso za kwanu, nkhani yake ndi poyambira pabwino.