Chokanidi, koma yambani mwapeza laisensi yanu

Achimwene, mwati mwangoyamba kumene ntchito ya inshuwalansi, abwana anu amalandira ndalama za makasitomala osazipereka ku kampani, ndiye mukufuna kuyima panokha. Chokanidi, musazengereze. Galimoto ikadzachita ngozi n'kupezeka kuti inshuwalansi yake sinalipiridwe, mwiniwake adzasaka inuyo amene munalandira ndalamazo.

Ine zinandionekera. Mayi wina mwini minibasi anandipeza ku Limbe atagwira risiti yolembedwa ndi dzanja langa, misozi ili m'maso, minibasi yake ili ku polisi. Mpaka lero zimandiwawa.

Koma musagulitse kanthu musanapeze laisensi. Imaperekedwa ndi Registrar of Financial Institutions, amene amayang'anira makampani a zachuma ku Reserve Bank of Malawi, ndipo zachinyengo mwaonazo mukhoza kukazinena komweko. Mukayima panokha mudzakhala ejenti, ndipo ejenti amagulitsa m'dzina la kampani ya inshuwalansi, choncho pitani nokha mukasainirane nayo mgwirizano, mumvetsetse bwino za komishoni. Makasitomala azilipira mu akaunti ya kampaniyo, osati m'thumba mwanu.

Sungani makope a marisiti onse amene munalemba kwa abwana anuwo. Muikenso padera kangachepe kodyera, chifukwa miyezi yoyambirira komishoni imabwera modontha.