Mafunso a Owerenga: Ulendo wa ku Zigwembe ndi Chofunda cha Zigamba

Funso

Akonzi, ndine mayi wa zaka 61 wochokera ku Zomba, ndipo ndatha zaka ziwiri ndikukhala ndi mwana wanga wamkazi mumzinda wa Denver ku America, kumene ndinabwera kudzathandiza kulera zidzukulu. Kwathu ndinkasoka madiresi ndi mayunifolomu a ana asukulu, koma kuno amayi anzanga a kutchalitchi anandiphunzitsa kusoka zofunda zolumikiza zigamba, zimene eni dziko amazitcha quilt, moti tsopano dzuwa sililowa ndisanagwire singano. Mkamwini wanga wakonza zoti mu June, ana akatsekera sukulu, tonse asanu tiyende masiku khumi pa galimoto kukaona mapiri ndi zigwembe za ku Utah ndi Arizona, ndipo walemba papepala malo khumi ndi anayi. Ine mtima wanga uli pa kusoka chofunda chokumbukira ulendowu. Koma ndimamwa mankhwala a BP, sindikudziwa ngati n'zotheka kusoka tili panjira, komanso ndikuopa kuti ndingakhale mtolo kwa ana. Ndichite bwanji?

Mayi wosoka, Denver

Yankho

Mayi, cholemera pa ulendowu ndi pepala la mkamwini wanu, osati inu. Malo khumi ndi anayi pa masiku khumi akutanthauza kuti banja lonse lidzaonera zigwembezo pa galasi la galimoto, chifukwa mitunda ya kumeneko ndi yaitali kuposa mmene imaonekera pa mapu a pa foni. Kuchoka ku Denver kukafika ku Moab, tauni yoyamba ya m'dera la miyala yofiira, ndi makilomita pafupifupi 570, mtunda wongotsala pang'ono kufanana ndi kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe n'kubwereranso tsiku lomwelo. Popeza apongozi salimbirana pepala ndi mkamwini, nkhaniyi muidzeretse kwa mwana wanu, iye akapemphe kuti malo akhale anayi okha, Moab, Bryce Canyon, Zion ndi Grand Canyon, ndipo paliponse mugonepo masiku awiri. Masiku otsalawo adzathera panjira yobwerera.

Nkhani ya BP musaiderere. Denver, imene ili pa mamita 1,609 kuchokera pa nyanja yamchere, thupi lanu laizolowera, koma msewu wa I-70 umene mudzadutse tsiku loyamba umakwera mpaka kukaboola phiri pa Eisenhower Tunnel, pa mamita pafupifupi 3,400, kutanthauza kuti chikhalire pampando wa galimoto mudzakhala pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ili pa mamita 3,002. Pamenepo mumangodutsa. Pofunika kusamala ndi pa Bryce Canyon, pomwe mudzagone ndi kuyenda pa mamita oposa 2,400, ndipo anthu ena akafika pamwamba chotero amamva mutu, chizungulire kapena befu. Kaonaneni ndi dokotala wanu milungu ingapo musananyamuke ndipo mumutchulire malowa ndi kukwera kwake. Mankhwala akhale m'chikwama cha m'manja, chifukwa m'buti ya galimoto yoimikidwa padzuwa mumatentha ngati mu uvuni. Madzi muzimwa musanamve ludzu, poti mpweya wa kumeneko ndi wouma kwambiri moti thukuta limauma munthu asanalione. Juzi ndi chipewa cha dzuwa ziyendere limodzi: ku Moab ndi ku Zion masana a June amapitirira madigiri 35, pamene m'mamawa wa ku Bryce umaluma ngati wa pa phiri la Zomba mu July.

Pa Grand Canyon ndikupemphani chinthu chimodzi. Wokwera phiri amayamba ndi chovuta n'kumalizira chosavuta, koma chigwembe chimanyenga, chifukwa munthu amatsika akucheza ndipo amazindikira kuti watopa pamene ulendo wokwera uli wonse patsogolo, kuwonjezera apo kukutentha kwambiri pansi kuposa pamwamba. Inu yendani m'njira ya m'mphepete ya ku South Rim, mbali ya kumwera ya chigwembecho, imene mbali zake zambiri ndi zosalazidwa ndipo pali mabasi aulere onyamula otopa. Ku Zion nakonso, m'nyengo ya alendo ambiri, galimoto za anthu sizilowa m'chigwa chachikulu, aliyense amakwera basi ya pakiyo, choncho palibe amene adzanene kuti agogo ndi amene achedwetsa gulu.

Tsopano tifike pa singano, pomwe pali mtima wanu. M'galimoto yoyenda musasoke. Misewu ya m'mapiriwo ndi yokhotakhota, mabuleki amabwera mwadzidzidzi, ndipo kuweramira pa nsalu kumabweretsa mseru. Makina nawo asiyeni kunyumba. Tengani chitini cha mabisiketi, muikemo singano, ulusi wa mitundu iwiri kapena itatu, kasizasi, ndi tizigamba todula kale, ndipo ngati amayi anzanu anakuphunzitsani kasokedwe kokulunga nsalu pa kapepala ka ngodya zisanu ndi imodzi n'kulumikiza pamanja, ameneyo ndiye ntchito ya madzulo pamalo ogona, ana akamasamba. Nsalu zoyera zikhale m'thumba la pulasitiki lotseka, chifukwa fumbi lofiira la ku Utah likalowa mu nsalu ya thonje silituluka msanga, ndipo musazisiye pa galasi la kumbuyo pomwe dzuwa limasulutsa mtundu.

Komabe maganizo anga ndi oti chofunda chenichenicho mudzachisoke mutabwerera, ndipo panjira ntchito yanu yaikulu ikhale kutola mitundu. Chithunzi cha pa foni chimanama pa nkhani ya mtundu, makamaka wofiira, choncho nyamulani kope ndi tizidutswa ta nsalu zofiira, zofiirira, zachikasu ndi zotuwa. Mukaima pamalo, tengani kachidutswa, mukatambasule patsogolo panu moyang'anizana ndi thanthwe, ndipo kamene kagwirizana nalo mukabaye ndi pini m'kope n'kulemba malo ndi ola. Ola ndi lofunika, pakuti zipilala za miyala za ku Bryce, zimene amazitcha hoodoo, dzuwa likamatuluka zimayaka ngati makala amoto, koma pofika masana zimakhala zotumbuluka ngati njerwa zosapsa bwino. Zipilalazo zinapangika chifukwa madzi amalowa m'ming'alu masana, n'kuundana chifukwa cha kuzizira usiku, n'kumang'amba thanthwe pang'onopang'ono. Ku Zion makoma a mwala wamchenga ndi ofiira m'munsi ndi oyera kumtunda, ndipo pansi pake mtsinje wa Virgin umayenda pakati pa mitengo yobiriwira.

Grand Canyon yokha ndi imene ingakupatseni pulani ya chofunda chonse. Mtsinje wa Colorado unakumba chigwembe chotalika makilomita 446 ndi chakuya mamita oposa 1,600, ndipo makoma ake ndi osanjikizana mizeremizere ngati nsalu zopindidwa pa shelefu ya telala. Pamwamba penipeni, pomwe mudzaponde, pali mwala wa laimu wotuwa wotchedwa Kaibab, wa zaka pafupifupi 270 miliyoni. M'munsi mwake muli lamba woyera wa mwala wamchenga wa Coconino, kenako mizere yofiira, kenako khoma lalitali la Redwall, mpaka pansi pa mtsinje pomwe pali mwala wakuda wa Vishnu, wa zaka zoposa 1.7 biliyoni. Mukadula nsalu zanu m'malamba otalika, ena opyapyala ena aakulu, n'kuwasanja motsatira ndondomeko imeneyi kuchokera pa chotuwa kufika pa chakuda, ndiye kuti mwasoka khoma la chigwembecho popanda kuvutika ndi kujambula phiri. Ine ndingakonde kuona chitenje chakwathu chikulowa pa mzere umodzi wofiira, bola muchichape chokha kaye kawiri kuti chisadzasukulukire pa zinzake.

Pali malo amodzi amene mkamwini wanu mwina sanalembe, ndipo amenewa ndiwo muwaumirire. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Bryce pali tauni yaing'ono ya Panguitch, imene anthu a mpingo wa Mormon anaikhazikitsa mu 1864. Chaka choyambacho chisanu chinapsereza tirigu asanakhwime ndipo njala inalowa m'mudzi. Malinga ndi mmene eni tauniyo amasimbira, amuna asanu ndi awiri ananyamuka ndi ngolo ya ng'ombe kukafuna ufa ku Parowan, kuseri kwa phiri, mtunda wa makilomita oposa 60, koma chipale chofewa chinali chakuya kwambiri moti ngolo anaisiya panjira ndipo iwo ankangotitimira. Atayala chofunda cha zigamba kuti agwadepo popemphera, anaona kuti sakumira, ndipo kuyambira pamenepo anayenda poyala chofunda chimodzi patsogolo pa chinzake, kutola cha kumbuyo n'kuchiponyanso kutsogolo, mpaka anafika n'kubwerera ndi ufa. Chaka chilichonse mu June tauniyi imachita chikondwerero chotchedwa Quilt Walk, pomwe pamakhala chionetsero cha zofunda ndi maphunziro a kasokedwe. Mwana wanu ayang'ane masiku ake chaka chino, kuti ngati n'kotheka kugona kwanu ku Bryce kugwere sabata imeneyo. Musananyamuke n'komwe, mungathenso kupita ku Rocky Mountain Quilt Museum ku Golden, kufupi ndi Denver, kukaona mmene ena anasokera mapiri.

Zidzukulu muzipatse ntchito. M'masitolo a nsalu a ku America amagulitsa tizidutswa todula kale ta masentimita pafupifupi 46 ndi 56, totchedwa fat quarter, ndipo mwana aliyense akasankha kamodzi m'tauni iliyonse imene muli sitolo yotero, adzakhala ndi mzere wake pa chofundacho, ngakhale atasankha mtundu wokuwawani m'maso. Miyala, mchenga ndi maluwa a m'mapaki a boma lamulo sililola kutola, choncho muwauziretu.

Mkamwini wanu mumufikitsire mawu awiri okha. Amwetse galimoto ku Green River, chifukwa kumadzulo kwa tauniyo I-70 imayenda makilomita oposa 160 mpaka ku Salina popanda malo omwetsera mafuta, ndipo njira zopatukira kumwera nazonso ndi za m'chipululu. Ndipo potsika mapiri, makamaka akasankha msewu wa Highway 12 umene penapake umayenda pa msana wa thanthwe phompho uku ndi uku, aike giya yaing'ono m'malo mokhalira kuponda mabuleki.

Funso

Akonzi, ine ndi mayi a kunyumba, amenenso amasoka zofunda za zigamba, tikufuna kutenga ana athu mu August kukaona Antelope Canyon ndi Monument Valley. Iwo amva kuti kumeneko kuli mabulangeti okongola a anthu a mtundu wa Navajo ndipo akufuna kukatengerako mapatani. Kodi mwezi umenewu ndi wabwino, nanga kutengera mapataniwo n'kololedwa?

Bambo wa ana atatu, Dallas

Yankho

Bambo, August ali pakati pa nyengo ya mvula ya mabingu ya kumwera chakumadzulo kwa America, imene imagwa kuyambira July mpaka September, ndipo kuopsa kwake n'koti mvula ingagwe kutali, inu muli pansi pa thambo loyera, madzi ake n'kukupezani m'chigwembe chopapatiza momwe mulibe kothawira. Mu August 1997 alendo 11 anafa motero ku Lower Antelope Canyon. Masiku ano munthu salowamo popanda woperekeza wovomerezedwa ndi boma la Navajo Nation, ndipo akaona kuti nyengo yaipa amatseka, ngakhale mutalipira kale. Akatseka musakangane nawo, ndipo pa ndondomeko yanu musiye tsiku limodzi lopanda chochita kuti mudzathe kuyesanso. Mukapeza madzi akudutsa pamsewu, dikirani aphwe.

Malo onse awiriwa ali m'dziko la Anavajo ndipo amayendetsedwa ndi iwo eni, choncho chiphaso cholowera m'mapaki a boma la America sichigwira ntchito kumeneko. Samalaninso ndi wotchi, chifukwa Arizona sapititsa wotchi patsogolo ndi ola limodzi m'chilimwe pamene Navajo Nation imapititsa, moti tauni ya Page, yoyandikana ndi Antelope Canyon, ndi Monument Valley zimasiyana ndi ola lathunthu mu August, ndipo foni ikhoza kukusokonezani. Polembetsa, funsani kuti ola limene akupatsanilo ndi la kuti.

Kwa mayi a kunyumba ndinene kuti nsalu za Anavajo n'zoluka ndi ubweya wa nkhosa pa chimango choimirira, ulusi ndi ulusi, mosiyana ndi chofunda chawo cha magawo atatu, zigamba pamwamba, thonje pakati ndi nsalu pansi. Mapatani ena amadziwika ndi dera limene anachokera, monga Two Grey Hills ndi Ganado, ndipo amayenda m'mabanja kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana. Kuphunzirako kasanjidwe ka mitundu, monga kuika chofiira pakati pa chakuda ndi chotuwa, palibe angawaletse, koma kukopera patani yonse n'kukagulitsa ndi dzina la Navajo n'kulakwira eni ake, ndipo lamulo la Indian Arts and Crafts Act la 1990 limaletsa kugulitsa chinthu monamizira kuti chinapangidwa ndi anthu a mitundu ya eni nthaka a ku America, monga Anavajo. Asanajambule woluka kapena nsalu yake apemphe kaye. Ndipo ngati thumba lilola, agule kansalu kakang'ono m'manja mwa woluka mwiniwake, amufunse dzina la patani ndi dera lake, n'kuzilemba pa kapepala kosungira pamodzi ndi nsaluyo.