Makina a amayi akupanga chisa pansi pa nsalu: ndiwagulitse?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Machinjiri. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi: "Amayi anga atamwalira anandisiyira makina osokera a Singer, aja opondera ndi mapazi. Akhala pakona zaka 6, timangoikapo TV. Ndikufuna ndizisokera ana tizovala ndi makatani a m'nyumba, osati bizinesi ayi, ndimangokonda. Koma ndikangoyamba, ulusi umapanga chisa pansi pa nsalu kenako n'kuduka. Abambo akunyumba akuti tiwagulitse, tiwonjezere ndalama tigule amagetsi. Nditani?"

Achemwali, pepani za amayi, ngakhale papita nthawi. TV-yo ichotseni, ipezereni tebulo lina, koma makinawo musagulitse. Zimene mwafotokozazi si matenda ophera makina, ndipo zambiri mukhoza kuzikonza nokha Loweruka limodzi masana.

Tiyambe ndi chisacho, chifukwa n'chimene chimaputsitsa anthu. Popeza chimaonekera pansi, aliyense amathamangira kumasula kasikuluwu ka pa shatolo, kachitsulo kamene kali pansi pa singano, akuti vuto lili ku bobini, kokulungapo ulusi wa pansi kaja. Nthawi zambiri wolakwa amakhala ulusi wa pamwamba. Pamutu pa makina pali timbale tiwiri tachitsulo timene timapana ulusi, matelala amangoti tenshoni. Timbaleti timatseguka mukakweza kaphazi kopanira nsalu kaja, ndipo timatseka mukakatsitsa. Ndiye mukalowetsa ulusi kaphazi kali pansi, ulusiwo umangoyenda pamwamba pa timbale osalowa pakati. Shatolo ikaukokera pansi palibe choubweza kuti mfundo imangike, n'chifukwa chake umaunjikana kunsi kwa nsalu. Sololani ulusi wonse wa pamwamba, ndikutanthauza wonse, kwezani kaphazi, muyambirenso kuchokera pa kachitsulo koimikapo ulusi, osadumpha kamkono kamene kamakwera n'kutsika kaja. Mukamaliza tsitsani kaphazi n'kukoka ulusi ndi zala. Ukakanirira, walowa bwino. Ukamangobwera lelele, sunalowe. Ndipo poyamba msoko uliwonse, gwirani michira iwiri ya ulusi kumbuyo kwa kaphazi mpaka singano italowa katatu. Kameneka kokha kamachiza theka la madandaulo amene ndimalandira.

Singano imene ili pamenepoyo ndi ya amayi, isungeni m'kabokosi ngati chikumbutso, koma musasokere. Zaka 6 za chiperoni cha kuno kwathu zaidyetsa dzimbiri. Pokagula ina ku Limbe mupite nayo yakaleyo m'manja, chifukwa m'masitolo muli mitundu iwiri yofanana maonekedwe. Ya makina a pakhomo kumutu kwake mbali imodzi ndi yophwatalala, ndipo papaketi pamalembedwa HAx1, 15x1 kapena 130/705H. Ya makina a m'fakitale ndi yozungulira konsekonse, imeneyo ingokudumphirani misoko mpaka mutukwane. Nambala 14 ndi ya chitenje ndi nsalu za yunifolomu, 16 kapena 18 ya jinzi, 11 ya nsalu zopyapyala. Poiika muikankhe mpaka igunde kumwamba. Mukaiyendetsa chikhadabo mumva kamzere kataliatali mbali imodzi, ulusi umalowa pachiboo kuchokera mbali imeneyo. Ulusi wa m'kadilowa nawonso uyeseni: ukaduka mukangoukoka pang'ono, wafumbwa, gulani watsopano.

Tsopano za mafuta, ndipo apa ndiulule tchimo langa. Nditangoyamba kusoka tikukhala ku Zingwangwa, makina anga anayamba kulira kwee, kwee. Ndinaona kuti kupita m'tauni chifukwa cha kabotolo kamodzi n'kutaya ndalama ya minibasi, choncho ndinadontheza mafuta ophikira paliponse pamene panali chiboo. Sabata ziwiri anayenda mwa myaa, ine n'kumadzitama. Kenako mafuta aja anauma n'kusanduka ulimbo, gudumu likukanika kuzungulira ngakhale ndi manja awiri. Choipa kwambiri, tsiku limene ndinaumirira kusoka ndinali ndi bulauzi yoyera ya Mvano ya apongozi anga, ankafuna ndingopinda mikono. Dontho lachikasu linatsika ndi singano n'kutera pamkono penipeni. Sanakalipe. Anangoiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Zikomo mayi, mwayesetsa." Bola akanakalipa.

Amene anandipulumutsa ndi telala wina wachikulire wa pakhonde la sitolo. Anatsuka ulimbo wonse ndi parafini, n'kuchotsa kambale ka pansi pa singano. Zimene zinatuluka pakati pa mano okoka nsalu aja zinali ngati thonje lopanikizidwa, lofiirira, lodzaza chikhatho cha mwana. Inunso mukazipeza zomwezo. Masulani tisikuluwu tiwiri ta kambaleko, kolopolani ndi mswachi wakale, pukutani pogona shatolo. Kenako dontho limodzi lokha la mafuta a makina, oyera ngati madzi aja, pachiboo chilichonse ndi paliponse pamene chitsulo chikukhuzana ndi chinzake, osaiwala chopondera kunsi. Mukatero sokani kansanza kaye mpaka mafuta asiye kutuluka. Bulauzi ya apongozi ibwere pambuyo.

Chinanso chimene chimadula ulusi ndi mapazi anu omwe. Gudumu la pa dzanja lamanja liyenera kuzungulira cholozera kwa inu nthawi zonse. Munthu wosazolowera akaponda, gudumu limabwerera m'mbuyo kamodzi kokha, ulusi n'kukodwa mu shatolo. Chotsani ulusi wonse, tengani pepala la m'kope la mwana, yambitsani gudumu ndi dzanja, mapazi alandire. Phazi lina kutsogolo, lina kumbuyo pang'ono. Tsatani mizere ya m'kopemo mpaka muzitha kuima ndi kuyambanso osabwerera. Madzulo atatu akukwanirani. Lamba wachikopa akakhala kuti watamuka, mumasule pa kawaya kolumikizira, dulaniko pang'ono, boolani chiboo china n'kulumikizanso. Akakhala wouma wong'aluka, watsopano amapezeka komwe mukagule singano.

Abambo akunyumba sakulakwa kotheratu, tisawanamizire. Makina amagetsi amasoka zigizagi, amapanga ziboo za mabatani, ena amakongoletsa. Achitsulo akalewa amadziwa msoko wowongoka basi, ndipo ena alibe ngakhale kobwerera m'mbuyo, pomanga msoko mumachita kutembenuza nsalu. Koma taganizani nthawi imene inu mudzasoke: madzulo mutaweruka, kapena Lamlungu mutabwera ku tchalitchi. Magetsi akathima nthawi imeneyo, amagetsiwo asanduka pokhala TV ngati anzawo aja. Komanso ambiri otchipa mkati mwake muli magiya apulasitiki, likathyoka limodzi mudzazungulira Blantyre yense osalipeza. Amene amabwera ngati kaunjika kuchokera ku Japan kapena ku America ndi a mphamvu ya 100 kapena 120 volts, pamene kuno timagwiritsa ntchito 230, ndiye mukangowalumikiza pakhoma opanda thiransifoma, mota yapsa.

Anuwo ndi chitsulo chokhachokha. Tayang'anani nambala ya mtundu wa makinawo pathupi lawo ngati inalembedwapo, kapena m'kabuku kawo ngati kalipo. Mukaona kuti ndi 15K, chilembo K chikutanthauza Kilbowie, fakitale ya Singer ya ku Clydebank ku Scotland, imene inatsekedwa mu 1980. Kumeneko ndi kufupi ndi Glasgow, dera lomwelo kuli Blantyre winayo kumene kunabadwira David Livingstone, ndiye makinawo ali ngati kwawo ndithu. Chokoma n'choti makina a Butterfly a ku China amene adzaza m'makonde a ku Ndirande ndi ku Limbe anatengera kapangidwe ka mtundu womwewu. Bobini ndi shatolo zawo nthawi zambiri zimalowana, ndipo telala aliyense wachikulire amawadziwa mkati ndi kunja. Za ziboo za mabatani, zovala za ana mukhoza kungoika lasitiki, kapena kupatsa telala akupangireni ziboo zokhazo.

Musayambe ndi diresi, mudzakhumudwa pa mikono ndi pakhosi. Yambani ndi pilokesi ya chitenje chakale, kenako thumba lonyamulira mabuku, kenako makatani anu aja, amene ndi misoko yowongoka yaitali, ntchito imene makina opondera amaikonda. Chitenje chatsopano muzichichapa kaye musanadule, chimatha kubwerera komanso kusuluka, ndipo katani yoperewera pawindo aneba amaiona ali pamsewu.

Mukachita zonsezi chisa n'kumapitirira, ndiye kuti singano ndi shatolo sizikukumana pa nthawi yake, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri. Mutu wa makina umachoka patebulo mukamasula tisikuluwu ta kumahinji, muukulunge m'chitenje mukwere nawo minibasi, tebulo litsale. Abambo akunyumba muwapemphe akunyamulireni mpaka pasiteji, ndi wolemera kwabasi.