Tifunseni: Mwana wanga wosewera mpira anamangidwa, anamenyedwa, ndipo koleji yamuimitsa

FUNSO

Aphungu, ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimakhala ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu. Mwana wanga wachiwiri, mnyamata wa zaka 22, ali m'chaka chachitatu pa koleji ina kuno ndipo ndi goloboyi wa timu ya pasukulupo. Loweruka lina mwezi wathawu, timu yawo itapambana, iye ndi anzake anapita pamalo ena omwera mowa, kumene kunabuka ndewu ndipo mnyamata wina woyendetsa kabaza anavulala pamutu. Apolisi anafika usiku womwewo n'kunjata mwana wanga ndi mnzake mmodzi. Iye akuti anamumenya makofi ndi ndodo ali kale mu unyolo, uku akumunena kuti ophunzira osewera mpira amadzimva. Chithunzi chake ali m'galimoto ya apolisi chinafalikira pa WhatsApp kusanache. Anatuluka m'chitokosi Lachinayi asanaonekere kukhoti, ndipo tinachita kupereka ndalama kuti belo itheke. Sabata yotsatira koleji inamulembera kalata yomuimitsa sukulu ndi mpira womwe mpaka mlandu utatha, popanda kumuitana kuti afotokoze mbali yake.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti anthu kwathu kuno agawikana. Ena akuti apolisi anachita bwino chifukwa anyamata a mpira anazolowera kulekereredwa, pamene ena akuti mwana wanga walakwiridwa ndipo mlandu wonse uyenera kungothetsedwa. Kodi choona n'chiti, nanga ndiyambire pati?

Mayi wodandaula, Chibavi

YANKHO

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zagwera banja lanu. Magulu awiri onse amene akukulankhulaniwo akulakwitsa pamalo amodzi: akuganiza kuti ngati mwana wanu anamenya munthu ndiye kuti apolisi anali ndi ufulu womumenya, kapena kuti ngati apolisi anamumenya ndiye kuti iye alibe choyankha. Kuvulala kwa wakabaza uja ndi mlandu paokha, ndipo makofi amene mwana wanu analandira ali mu unyolo ndi mlandu winanso paokha. Wina sufafaniza unzake.

Ndiyambe ndi apolisi, popeza apa malamulo ndi omveka bwino. Gawo 42 la Malamulo oyendetsera dziko lino limanena kuti munthu womangidwa auzidwe msanga chifukwa chimene wamangidwira m'chiyankhulo chimene amamva, kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndiponso kuti aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Ngati maolawo atha khoti litaweruka kapena pa tsiku limene khoti silikhala, munthuyo aonekere tsiku loyamba limene khoti likhale, apo ayi amasulidwe. Tiyeni tiwerenge ndi masiku amene mwatchula. Mwana wanu anamangidwa Loweruka usiku, maola 48 anakwana Lolemba usiku, choncho Lachiwiri anayenera kukhala ataima pamaso pa majisitireti kapena atatulutsidwa. Kumusunga mpaka Lachinayi kunali kuphwanya lamulo. Gawo 19 la Malamulo omwewo limaletsa kuzunza munthu kapena kumuchitira nkhanza zomuchotsera ulemu, ndipo silipatula ophunzira, zidakwa kapena anthu amwano. Wapolisi amaloledwa kugwiritsa ntchito mphamvu yokwanira pogwira munthu amene akukana kumangidwa, koma munthu akalowa mu unyolo, ntchito ya ndodo yatha. Za ndalama zija ndinene mosapita m'mbali: belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo amene analandira ndalamazo analandira chiphuphu.

Sindikudabwa kuti ena mwa anansi anu akhulupirira mwana wanu asanaone n'chipsera chomwe. Anthu a ku Mzuzu sanaiwale zionetsero zimene zinayamba pa 20 Julayi 2011, pamene anthu 20 anafa m'dziko muno, ndipo mzinda uno ndiwo unataya anthu ambiri kuposa mizinda ina. Ena mwa iwo agona ku manda a ku Zolozolo. Anthu akukumbukiranso za ku Msundwe m'chaka cha 2019, kumene wapolisi anagendedwa mpaka kufa, kenako amayi ndi atsikana anachitidwa nkhanza ndi apolisi, mpaka Khoti Lalikulu linalamula mu Ogasiti 2020 kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipukuta misozi. Zinthu zoterezi zikachitika, chikhulupiriro sichibwerera msanga, ndipo wapolisi wachilungamo, amene alipo ambiri ndipo amagwira ntchito usiku wozizira wa kuno popanda zipangizo zokwanira, amasenza nawo mbiri imene sanaipange. Komabe mbiri si umboni. Kuti dandaulo lanu liime, liyenera kuimira pa zimene zinachitikira mwana wanu usiku umenewo.

Chifukwa chake chitani izi musanachedwe. Mwana wanu apite kuchipatala ngakhale mabala atayamba kupola, ndipo afotokoze kwa dokotala mmene anavulalira kuti zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Alembe papepala tsiku, nthawi, malo, chiwerengero cha apolisi amene analipo, mayina kapena manambala awo ngati akuwakumbukira, ndiponso anthu amene anaona. Chithunzi chija, ngakhale chikukupwetekani mtima, musachifufute, chifukwa chingathe kusonyeza mmene iye analili pa nthawi imene ankamutenga. Dandaulo lanu mukhoza kulipereka kwa mkulu wa polisi ya m'deralo, koma palinso bungwe loima palokha lotchedwa Independent Complaints Commission, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la apolisi la chaka cha 2010 kuti lizifufuza madandaulo okhudza apolisi, ngakhale linatenga zaka pafupifupi 10 lisanayambe kugwira ntchito. Bungwe la Malawi Human Rights Commission limalandiranso nkhani zotere, ndipo ngati simungakwanitse kulipira loya, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi mumzinda momwemo.

Tsopano ndilankhule ndi inu monga kholo linzanu, ndipo mundikhululukire ngati ndikhudza pachilonda. M'kalata yanu mwafotokoza bwino zimene mwana wanu anachitidwa, koma simunanene ngati munamufunsa mwachindunji kuti ndani anamenya wakabaza uja. Mnyamata ameneyo nayenso ali ndi mayi wake, ndipo tsiku lililonse limene wagona ndi bala pamutu ndi tsiku limene banja lake lagona osapeza ya ufa. Chithunzi chake sichinafalikire chifukwa iye sadziwika, ndipo palibe ochemerera amene akumuimira. Anansi anu amene akuti osewera mpira amalekereredwa sakulankhula zopanda mutu. Aonapo wosewera wotchuka akutuluka m'chitokosi m'mawa chifukwa kochi kapena munthu wina wa maina waimba foni, pamene mnyamata wogulitsa pamsika wolakwa chimodzimodzi akutha sabata ali m'kati. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo anthu akatopa ndi khoswe wotere amasangalala ndi ndodo iliyonse imene yagwera wina womufanana, ngakhale ndodoyo ikhale yosaloledwa. Mufunseni mwana wanu muli awiri, kapena pamaso pa malume ake ngati amawamasukira. Ngati anatengapo mbali, banja lanu lithandize pa chithandizo cha wovulalayo, koma muchite zimenezi kudzera mwa akuluakulu ndiponso loya kapena wofufuza mlandu akudziwa, kuopera kuti zingaoneke ngati mukusokoneza mboni. Khoti lili ndi mphamvu yolimbikitsa kuyanjana pa milandu ing'onoing'ono ya ndewu, koma bala la pamutu likhoza kuukulitsa mlandu, choncho musadalire zokambirana za pakhonde zokha.

Nkhani ya koleji ndiyo imene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa ndi pamene tsogolo la mwana wanu lagona. Malamulo amati munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa. Izi sizitanthauza kuti sukulu iyenera kupinda manja mpaka chigamulo chituluke, popeza sukulu ili ndi malamulo akeake a khalidwe amene wophunzira aliyense amawavomera polowa, ndipo ikhoza kufufuza payokha. Chimene sukulu siyenera kuchita ndi kulanga munthu isanamumve. Gawo 43 la Malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu ufulu wakuti chiganizo chomukhudza chichitike motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zake molemba. Ngati kolejiyo ndi ya boma, mukhoza kukadandaulanso kwa Ombudsman, amene amafufuza madandaulo okhudza maofesi a boma. Ngati ndi ya mpingo kapena ya anthu wamba, buku la malamulo a ophunzira ndilo chida chanu choyamba, ndipo kawirikawiri limafotokoza za komiti yosungitsa mwambo, za kuitanidwa kwa wophunzira ndi za apilo.

Maganizo anga ndi akuti kumupumitsa mpira pamene nkhani ikufufuzidwa n'koyenera, ndipo mwana wanu akuvomereze popanda kunyinyirika, chifukwa wovala yunifolomu ya sukulu amanyamula dzina la sukuluyo ndipo kusewera ndi mwayi, osati ufulu. Koma kumuchotsa m'kalasi mpaka mlandu utatha ndi chilango cholemera kwambiri, pokumbukira kuti milandu m'makhoti athu imatha kutenga miyezi yambiri, ndipo wophunzira wa chaka chachitatu akaphonya mayeso amataya chaka chathunthu pamodzi ndi fizi imene makolo anaivutikira. Chilango chotere chimafuna kuti pakhale umboni wakuti kupezeka kwake pasukulu kungaike ena pachiswe, ndipo umboniwo sungapezeke popanda kumumva mwiniwake.

Ku America, kumene masewera a m'sukulu zaukachenjede amabweretsa ndalama zochuluka, anaphunzira zimenezi mowawa. M'chaka cha 2006 osewera atatu a timu ya lacrosse (masewera a mpira wogwidwa ndi ndodo zokhala ndi kaukonde) ya Duke University anaimbidwa mlandu wogwiririra. Sukuluyo inathetsa masewera onse otsala a timuyo ndipo mphunzitsi wake anatula pansi udindo, anthu ambiri atawaweruza kale anyamatawo m'manyuzipepala. Mu Epulo 2007 mkulu woona za malamulo m'boma la North Carolina, Roy Cooper, analengeza kuti anyamatawo anali osalakwa, ndipo woimira boma pamlanduwo, Mike Nifong, analandidwa chilolezo chogwira ntchito ya uloya. Sukulu imene imalanga pofuna kuziziritsa mkwiyo wa anthu imadzapezeka ikupepesa chaka chitawonongeka kale.

Mwana wanu alembe kalata yaulemu kwa mkulu woona za ophunzira, yopempha zinthu zomveka: zifukwa za kuimitsidwa kwake molemba, ndime ya malamulo a sukulu imene agwiritsa ntchito, tsiku loonekera ku komiti, ndi chilolezo chopitiriza maphunziro pamene akudikira. Asunge kope yake yodindidwa. Anzake a m'timu muwapemphe kuti asachite zionetsero kapena kunyoza apolisi pa Facebook m'dzina lake, chifukwa zimenezo zingangolimbitsa mawu a anthu amene akuti osewera mpira ndi osamva.

FUNSO

Aphungu, ndine mtsikana wophunzira pa koleji ina kuno kumpoto. Mnzanga anakanena kwa akuluakulu a sukulu kuti wosewera wina wodalirika wa timu yathu anamugwira thupi mokakamiza, koma anauzidwa kuti adikire kaye mpikisano uthe ndiponso kuti asapite kupolisi kuopa kuipitsa dzina la sukulu. Kodi zimenezi n'zololedwa?

Wophunzira, Luwinga

YANKHO

Mwanawe, n'zosaloledwa, ndipo wachita bwino kusakhala chete. Palibe mphunzitsi, kochi kapena mkulu wa sukulu amene ali ndi mphamvu yoletsa munthu kukadandaula kupolisi. Kugwira munthu thupi mokakamiza ndi mlandu, ndipo lamulo la Gender Equality Act la chaka cha 2013 limaletsanso mchitidwe wovutitsa munthu m'njira zokhudza kugonana. Mnzakoyo akhoza kupita ku Victim Support Unit ya kupolisi, kumene nkhani zotere zimamvedwa pambali, ndipo ndi bwino kuti umuperekeze iweyo kapena munthu wamkulu amene amamukhulupirira. Ngati zinafika pogwiriridwa, athamangire kuchipatala, chifukwa mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72.

Amene akuti akuteteza dzina la sukulu adziwe zimene zinachitika ku Baylor University, m'boma la Texas ku America. Kafukufuku atapeza kuti sukuluyo sinkasamalira moyenera madandaulo a atsikana ochitidwa nkhanza, kuphatikizapo okhudza osewera mpira, mu Meyi 2016 mphunzitsi wa timu, Art Briles, anachotsedwa ntchito ngakhale timu yake inkapambana, ndipo mtsogoleri wa sukuluyo, Ken Starr, anachotsedwa pampando. Wosewera amene akunenedwayo ali ndi ufulu womvedwa mofanana ndi mwana wa mayi a ku Chibavi aja, koma amvedwe tsopano, osati chikho chitabwera. Mnzakoyo alembe dandaulo lake, aikepo tsiku, atchule amene anamuuza kuti adikire, ndipo kope imodzi asunge kunja kwa sukulu, kwa kholo kapena m'bale wake.