Kuchulukitsa zithunzi za masamba odwala pa kompyuta: mayankho kwa alimi ojambula

Alimi a m'gulu lina, omwe anapemphedwa kuti azijambula masamba a chinangwa ndi chimanga pofuna kuphunzitsira pulogalamu ya pafoni yozindikira matenda a mbewu, atumiza mafunso omwe akuyenera kuyankhidwa mosamala, chifukwa mayankho ake ndi amene angasonyeze ngati khama lawo lili ndi phindu.

Bambo wina wafunsa kuti: "Tamva zoti akatswiri amatha kusandutsa chithunzi chimodzi kukhala zithunzi zambirimbiri pa kompyuta. Nanga bwanji akutipemphabe kuti tizijambula zina?"

Zomwe mwamvazo ndi zoona, bambo, ndipo ntchitoyi akatswiri amaitcha data augmentation. Kompyuta imaphunzira poonetsedwa zithunzi zochuluka, chilichonse chili ndi dzina la vuto lomwe lili pa tsambalo, mpaka iyambe kugwirizanitsa maonekedwe ndi dzinalo. Zithunzi zikachepa, imangoziloweza, moti tsamba lomwelo likajambulidwa mopendekeka kapena pamthunzi, imalephera kulizindikira. Pofuna kupewa zimenezi, akatswiri amatembenuza chithunzi kuti kumanja kukhale kumanzere, amachizunguza, amadulako mbali, amachikuza, amachiwalitsa kapena kuchidetsa pang'ono, ndipo nthawi zina amachichititsa chimbuuzi dala, potengera dzanja lomwe linanjenjemera pojambula. Dzina la matenda silisintha, choncho kompyuta imaphunzira kuti khate la chinangwa ndi khate basi, kaya tsamba laloza kuti. Njirayi ndi yodalirika: m'chaka cha 2012, Alex Krizhevsky ndi anzake a ku University of Toronto anapambana mpikisano wa ImageNet, wa makompyuta ozindikira zinthu pa zithunzi, ndipo ngakhale anali ndi zithunzi pafupifupi 1.2 miliyoni, anazichulukitsabe pozidula ndi kuzitembenuza. Pa chinangwa, kafukufuku wa mu 2017 wa akatswiri a yunivesite ya Penn State ku America ndi a bungwe lofufuza za ulimi la IITA anatenga zithunzi 2,756 zojambulidwa m'munda ku Tanzania n'kudula tsamba lililonse m'timasamba take, ndipo anapeza zithunzi 15,000.

Koma pali malire omwe ndikufuna kuti muwamvetse bwino. Munthu akatembenuza tsamba limodzi kambirimbiri m'dzanja lake, waona tsamba limodzi lomwelo, la mbewu ya mtundu umodzi, pa msinkhu umodzi, matenda atafika pa mlingo umodzi. Kompyuta nayonso singatulutse m'chithunzi chinthu chomwe sichinajambulidwe. Umboni wake unaoneka mu 2016, pamene Sharada Mohanty, David Hughes ndi Marcel Salathé anaphunzitsa kompyuta ndi zithunzi 54,306 za nkhokwe ya PlantVillage, za mbewu za mitundu 14 ndi matenda 26. Poyesedwa ndi zithunzi za m'nkhokwe yomweyo, inakhoza 99 peresenti ndi kupitirira, koma itapatsidwa zithunzi zojambulidwa m'malo ena ndi m'njira zina, inatsika kufika pa 31 peresenti. Masamba ambiri a m'nkhokweyo anali othyoledwa, oyalidwa limodzilimodzi pamalo osalala, pomwe m'munda tsamba limakhala pakati pa anzake, kumbuyo kuli dothi ndi udzu, lili ndi mame, fumbi ndi mthunzi, mwinanso mavuto awiri nthawi imodzi. Palibe kuzunguza chithunzi komwe kungabweretse zinthu zimenezi. Zimabwera ndi inu, mukaima pa mzere ndi foni m'manja.

Mayi wina wafunsa kuti: "Ngati akusintha kuwala ndi mtundu wa chithunzi, kodi tsamba labwino silingaoneke ngati lodwala?"

Mayi, mwakhudza mfundo yomwe imandidetsa nkhawa kwambiri pa ntchito yonseyi. Pozindikira galimoto kapena mpando, mtundu ulibe kanthu kwenikweni, koma pa tsamba, mtunduwo ndiye chizindikiro. Chimanga chikasowa nayitirojeni, masamba am'munsi amachita chikasu kuyambira kunsonga kutsata mtsempha wapakati. Chikasowa potaziyamu, chikasu ndi kupsa zimayambira m'mphepete. Pomwe matenda a maize streak amaoneka ngati timizere topyapyala toduka-duka totsata mitsempha. Katswiri akakankhira mtundu wobiriwira ku chikasu mopyola muyeso, dzina n'kukhalabe lakuti tsamba labwino, akuphunzitsa kompyuta bodza, ndipo bodza limenelo lidzafika kwa mlimi ngati langizo lakuti mbewu yake ili bwino. Kudula chithunzi nakonso kuli ndi ngozi yake, chifukwa kachidutswa kotsalako kangakhale kopanda banga ngakhale limodzi, kapena kopanda mabowo omwe mbozi inasiya, koma n'kulembedwabe kuti n'kodwala. Kutembenuza ndi kuzunguza sindikuopa, popeza tsamba lilibe mbali yoyenera kulozako. Kuwala kungasinthidwe pang'ono, mofanana ndi kusiyana kwa m'mawa ndi masana. Koma mtundu usakhudzidwe popanda wodziwa matenda a mbewu kuona zithunzi zotulukazo ndi maso ake, ndipo gulu lanu lili ndi ufulu wopempha kuti liwonetsedwe zitsanzo zake.

Pali matendanso omwe amaonetsa poyera kuchepa mphamvu kwa njirayi. Brown streak ya chinangwa imaonekera kwambiri pa masamba akale am'munsi, zizindikiro zake nthawi zina zimakhala zosaoneka bwino, pomwe chiwonongeko chachikulu chili m'mizu yomwe ikuwola pansi. Ngati ojambula onse akuloza foni ku masamba anthete akumwamba, zithunzi zawo zingachulukitsidwe motani, pulogalamuyo sidzawadziwa matendawa akamayamba.

Funso lomaliza ndi lakuti: "Tingadziwe bwanji kuti pulogalamuyo yaphunziradi?"

Funsani chinthu chimodzi: kodi zithunzi zoyesera zinapatulidwa asanayambe kuchulukitsa? Akayamba ndi kuchulukitsa n'kugawa pambuyo, chithunzi chimodzi chimapezeka m'gulu lophunzirira pomwe chinzake chotembenuzidwa chili m'gulu loyesera, ndipo kompyuta imakhoza bwino chifukwa chakuti tsambalo inaliona kale. Mayeso oona amachitika ndi zithunzi zosasinthidwa, za minda ina, zojambulidwa ndi mafoni ena.

Choncho pojambula, musawononge nthawi pa tsamba limodzi mukulizungulira mbali zonse, chifukwa ntchito imeneyo kompyuta imaichita yokha m'kanthawi kochepa. Pitani pa mbewu ina. Jambulani tsamba lidakali pa phesi, kumwamba ndi kunsi kwake, pa mitundu yosiyana ya mbewu, m'mawa ndi masana, kukachita mitambo ndi kukawala dzuwa. Funafunani makamaka matenda ongoyamba kumene ndi osowa, pakuti ndi amene amachepa m'nkhokwe zambiri, ndipo musaiwale masamba abwino, omwe ojambula ambiri amawadumpha. Lembani mtundu wa mbewu, msinkhu wake ndi tsiku lojambulira. Ngati mukukayika dzina la matenda, lembani kuti mukukayika kuti mlangizi akaone yekha, chifukwa chithunzi cholembedwa dzina lolakwika chidzachulukitsidwa pamodzi ndi zinzake.